Mmene Azungu Amakwerera Hatchi

Nzeru yonse inabadwira ku Mamelodi, komboni ya ku Pretoria, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wogulitsa mowa, Loweruka masana mabotolo atayamba kuchuluka pansi pa tebulo. Woyambitsa anali Elson, amene anzake ankamutcha Wilibala chifukwa ankangopita kulikonse kumene munthu wamukankhira. Akanangomwa mowa wake ali phee, bwenzi lero ali pabanja. Koma Wilibala mowa ukamulowa pakamwa pamamuyabwa, ndiye anatulutsa foni n'kuyamba kuonetsa anzake za kuntchito.

Elson ankasamalira maluwa ku Waterkloof, dera la anthu olemera, kwa mzungu wokalamba dzina lake Whitcombe, amene antchito ankangomuti Madala. Ntchitoyo anamupezera ndi Dailesi, wogwira m'nyumba momwemo, yemwe analumbira pamaso pa Madala kuti mnyamatayu ngakhale singano sangatole. Dailesiyo anali bwenzi lake. Chikole Elson anali atapereka kale, chitenje cha buluu cha maluwa achikasu, ndipo ukwati unkayembekezeka mu Disembala. Kunena zoona, pa zinthu zonse zimene Elson anapeza ku Joni, chaphindu chinali Dailesi yekha, ndipo iye ankadziwa.

"Taonani misala ya azungu," anatero Elson. "Khoma lonse zithunzi za hatchi zokhazokha, zojambula pamanja, za makedzana ku Mangalande. Dailesi akuti anthu amachokera ku Cape Town kudzazipempha kuti agule, Madala amakana."

Foniyo inathera m'manja mwa Geofrey, mkulu wa mimba yake, amene anadzipatsa yekha dzina loti Jenerale. Iye ankati kumudzi anali msilikali, koma odziwa ankati anali mlonda wa pachigayo ku Ntcheu. Pambali pake panali Faizal wa ku Mangochi, mwini baki, kagalimoto konyamulira katundu, kakale kotsokomola. Ameneyu ankamutcha Fanta, popeza kuba ankaba ndithu koma mowa sankaukhudza.

"Majita," anatero Jenerale akutsitsa mawu, "apa tadya. Lamulungu Madala kutchalitchi, mlamu wathu Dailesi kutchalitchi. Nyumba ili yokha."

"Koma pageti lalikulu lolowera m'dera lija a sekyuriti amasecha aliyense wotuluka," anatero Fanta. "Baki yanga sangailole n'kulowa komwe."

"Ndani wanena za baki? Wilibala, paja Madala ali ndi hatchi?"

"Ilipo imodzi, yokalamba. Dzina lake Bishopu."

"Basi! Tilowa wapansi ngati magadeniboyi, tituluka ngati mabwana. Kanjira ka kuseri kaja katsikira kumsewu, Fanta akatidikira kumeneko. Ndiuzeni, munamuonapo mlonda akuimitsa munthu wa jekete lofiira ali pa hatchi?"

Panalibe amene anaonapo, pa chifukwa chophweka choti panalibe amene anaonapo munthu wa jekete lofiira ali pa hatchi. Koma mowa unavomereza kuti mfundoyo inali yolimba.

Elson anaika botolo pansi. "Eish, Achimwene, nanga Dailesi? Zikasowa adzayamba kufunsa iyeyo. Ndiponso Lamulungu lomwelo akubwera ndi azakhali ake a ku Capital Park kuti adzandione komweko kwa Madala akaweruka kutchalitchi."

"Dailesi mboni zake ndi mpingo wonse. Azakhaliwo adzakupeza wasamba, wavala taye. Iwe ukufuna ukwati wa pansi pa tenti yobwereka, kapena wa mu holo?"

Wilibala anakankhidwa, ndipo anagudubuka.

Panatsala vuto laling'ono lokha: mwa atatuwo panalibe amene anakhudzapo hatchi. Jenerale anati limenelo si vuto, pakuti sukulu yonse inali mufoni momwemo. Tsono zithunzi zimenezi, kwa amene simunazionepo, anazijambula anthu achipongwe a kalekale pofuna kuseka mabwana a ku Mangalande amene ankadzitama ndi ulenje wa nkhandwe koma kukwera hatchi osakudziwa. Mimba anawakulitsa dala, mphuno anawafiiritsa, ndipo m'chithunzi chilichonse munali wina amene zikumuvuta. Jenerale zimenezo sanazione. Iye anaona azungu olemera, ndipo m'mutu mwake mzungu wolemera sangajambulitse chinthu cholakwika n'kuchipachika pakhoma.

"Onani uyu," anatero akuloza bwana wina atakumbatira khosi la hatchi, miyendo ili m'mwamba, chipewa chikuuluka. "Wagona pakhosi kuti mphepo isamubweze. Sayansi imeneyo."

"Nanga uyu wayang'ana kumchirayu?" anafunsa Fanta.

"Mlonda. Amaona ngati adani akubwera kumbuyo. Wilibala, malo ako ndi amenewa."

"Uyu akuuluka pamwamba pa mpanda, hatchi yatsala kunoku?"

"Katsikidwe ka changu. Ifeyo sitifika pamenepo, n'za amene anapita patali."

Chithunzi chomaliza chinali cha munthu akuimba lipenga, agalu ambirimbiri a makutu ogwa akuthamanga. Jenerale anachiyang'anitsitsa n'kugwedeza mutu mokhutira. Anati mwaona, galu wachizungu amaopa lipenga, ukangoliza onse amabalalika.

Lamulungu kunacha ndi dzuwa loswa mtengo, misewu ya Waterkloof ili mbuu ndi maluwa a jakaranda. Elson ndi Jenerale anadutsa pageti lalikulu atavala maovolosi, mlonda osawayang'ana n'komwe. Atafika kuseri kwa nyumba ya Madala, Jenerale anamasula chikwama cha tchaina n'kutulutsa yunifolomu. Anali atazungulira msika wonse wa Marabastad kufuna majekete ofiira, ndipo amene anapeza anali a Fada Khirisimasi, ndi mabuluku ake omwe. Ubweya woyera wa m'mphepete anaumeta ndi lezala, koma penapake unkaonekabe.

"Achimwene, m'zithunzi muja sali chonchi," anatero Elson.

"Pa liwiro palibe adzaone kusiyana. Vala."

Kiyi wa kukhitchini Dailesi ankamubisa pansi pa mphika wa maluwa, ndipo anamuonetsa Elson yekha, tsiku lina mvula ikugwa, kuti azibisala. Elson pomutenga kiyiyo manyazi anamugwira. Atatsekula chitseko anaima pakhomo, ndipo pakamwa panangotuluka zimene anaphunzitsidwa ali mwana.

"Odi!"

Jenerale anamuwomba mbama ya pankhongo. "Ukuodira ndani? Ukufuna akuyankhe kuti lowani?"

Kuchotsa zithunzi pakhoma sikunavute. Anazikulunga m'matawulo a Madala n'kuzilongedza m'chikwama muja. Potuluka Jenerale anaona lipenga lamkuwa litapachikidwa pafupi ndi chitseko, lofanana ndendende ndi la m'chithunzi, ndipo analikoleka m'khosi akumwetulira ngati munthu amene Mulungu wamuyankha.

Bishopu anamupeza kukhola kwake akuwodzera. Inali hatchi yaikulu, yaimvi kukamwa, ya maso a munthu amene anaona zambiri ndipo safunanso kuona zina. Chishalo, mpando wachikopa uja wa pamsana, analimbana nacho mpaka thukuta kamukamu, kenako Jenerale analamula kuti chisiyidwe chifukwa n'cha ophunzira. Anakwera popondera pa wilibala yeniyeni ya m'maluwa. Jenerale anagona pakhosi n'kulikumbatira monga mwa sayansi. Elson anakhala kumbuyo atayang'ana kumchira, chikwama cha zithunzi chili pamiyendo.

"Tiye!" anatero Jenerale.

Bishopu anayenda pang'ono, n'kuima pa maluwa a rozi amene Elson yemweyo ankathirira, n'kuyamba kudya.

"Hamba! Voetsek! Kodi imamva chilankhulo chanji?"

"Madala amangoilankhula bwinobwino m'Chingerezi."

"Please, Bishop," anatero Jenerale, "go."

Bishopu anasamukira pa rozi wachiwiri. Dzuwa linakwera, majekete a Fada Khirisimasi anayamba kuwaphika, ndipo Elson ankangoganiza za mapemphero amene akuyandikira kumapeto, ndi taye yake imene inali m'thumba la ovolosi. Apa m'pamene agalu a Madala anatulukira. Anali agalu aafupi a makutu ogwa, ofatsa ngati nkhosa, ndipo anabwera akugwedeza michira kudzanunkhiza nsapato za alendo. Koma Jenerale, msilikali wa pachigayo, galu ankamuopa kuposa apolisi.

"Usaope, Wilibala," anatero Jenerale. "Mankhwala ake ndili nawo."

Anakweza mutu, n'kuika lipenga pakamwa, n'kuliza ndi mphamvu zonse za mimba yake.

Chimene Elson sankadziwa, poti iye ankaweruka masana, n'choti lipenga limenelo Madala ankaliza madzulo alionse poitana agalu ku chakudya. Agalu aja anayamba kulira mokondwa, kudumphadumpha, ena amene anagona kuseri kwa garaja anabwera ali liwiro la mtondo wadooka. Agalu a nyumba zoyandikana anayankha, Waterkloof yense anangoti wuu, ma alamu n'kuyamba kulira okha. Ndipo Bishopu, amene pa unyamata wake anathamangapo ndi alenje, anaimika makutu. Lipenga lija linamukumbutsa masiku ake. Anasiya rozi, anapuma mwamphamvu, ndipo ananyamuka.

"Mayooo! Gwira buleki!" anakuwa Jenerale.

"Buleki ili mbali yanuyo, Achimwene! Kuno kuli mchira wokha!"

Pa kapinga wa Madala panadutsa chinthu chimene sichinaonekepo mu Pretoria: hatchi yokalamba ikuthamanga ngati yaona mzukwa, a Fada Khirisimasi awiri ali pamsana, wina atakumbatira khosi miyendo ili m'mwamba, wina atagwira mchira, agalu ali pambuyo kuimba nyimbo ya chakudya. Ndipo tisamunamizire Elson, ntchito yake ya ulonda anaigwira bwino. Poti anayang'ana kumbuyo, iye ndiye anayamba kuona geti likutsekuka, galimoto ya Madala ikulowa. Madala anali atawapeza Dailesi ndi azakhali ake potsikira mataxi n'kuwatenga. Elson anaona duku loyera la azakhali, anaona chitenje cha buluu cha maluwa achikasu, ndipo anaona maso a Dailesi akumuzindikira.

Kumapeto kwa kapinga kunali mpanda wa maluwa, kuseri kwake kadziwe ka nsomba zofiira. Bishopu anafika pampandapo ali pa liwiro, kenako anakumbukira zaka zake, n'kuima nji. Okwerawo sanaime. Jenerale anadutsa pamwamba pa mpanda mutu uli patsogolo, Elson anamutsatira chafutambuyo, ndipo onse awiri anakhoza katsikidwe ka changu kaja pa tsiku loyamba lomwe. Chikwama cha zithunzi chinatera bwinobwino pamwamba pa mpanda. Eni ake anatera m'madzi, khuvuu!

Pamene a sekyuriti ankafika ndi apolisi, anapeza Jenerale atakhala m'dziwe madzi ali m'chifuwa, tsamba lili pamutu, agalu atamuzungulira akumunyambita kumaso podikira chakudya chimene anawalonjeza. Madala anali atatsamira galimoto, akuseka mpaka misozi, mawu osatuluka. Atapezako mpweya anatulutsa pensulo, n'kuyamba kujambula kuseri kwa pepala la nyimbo za kutchalitchi, akupempha wapolisi kuti asawatulutse msanga.

Nthawi yomweyo kukanjira ka kuseri kunatulukira Fanta. Anali atatopa kudikira, ndipo atamva lipenga anaganiza kuti ndi chizindikiro cha chipambano. Mpanda unamutchinga, moti sanaone kuti pali apolisi.

"Majita, sharp? Zithunzi zija mwatenga zonse?" anakuwa. "Fulumirani, baki ndasiya ikulira!"

Wapolisi wina anangomukodola ndi chala.

Elson anatuluka m'madzi mwakachetechete. Buluku la Fada Khirisimasi, losokedwa kuti munthu azingokhala nalo pampando, linali litang'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka m'bondo. Anaima atagwira kumbuyoko ndi manja awiri, madzi akuchucha, pamaso pa azakhali amene anachokera ku Capital Park kudzaona mkamwini.

"Dailesi," anatero azakhali modekha, "mwamuna uja ndi uti pamenepa? Wonenepayo kapena wong'ambikayu?"

"Wong'ambikayu, Azakhali."

"Dailesi, ndimafuna ukwati wathu udzakhale wa mu holo," anatero Elson.

"Ine ndinakupemphani holo?" Dailesi sanakweze mawu. "Ndinakuonetsani pamene ndimabisa kiyi, a Elson. Inuyo nokha."

Anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, cha buluu cha maluwa achikasu chija, n'kumuponyera.

"Bisani manyaziwo, pali akuluakulu pano. Mukachapa musavutike n'kubweza."

Elson anakwera galimoto ya apolisi atamanga chikole chake m'chiuno. Jenerale, ali m'kati, anali atayamba kale kufotokoza kuti pulani inali bwinobwino, yolakwa inali hatchi poti sinaphunzire mokwanira.

Dailesi ntchito sinamuthere. Madala anati munthu amene wamubweretsera chisangalalo chotere sangamuchotse, ngakhale kiyi anasamutsidwa. Zithunzi zinabwerera pakhoma, ndipo pakati pake anawonjezapo chatsopano, mu felemu yakeyake: amuna awiri a majekete ofiira akuuluka pamwamba pa mpanda, wina chafutambuyo, maso ali tong'oo kuyang'ana kugeti. Alendo a ku Cape Town akabwera amaima nthawi yaitali pa chimenecho, ena amafunsa ngati n'cha makedzana. Dailesi amapukuta zithunzi zonse Lachisanu lililonse, chimodzichimodzi, ndi kansalu kouma. Chimenecho chokha amachidumpha, ndipo fumbi lafika kale pankhope ya Elson.