Jasi Loyera Linandikana

Anzanga, usiku wathawu ndinalota zondiwawa, mpaka pano mtima sunakhale m'malo. Mukudziwa kuti kuno ku Ulaya ndatha zaka zisanu ndi zinayi ndikusewera m'mafilimu, koma mwana wanga Ndaziona, amene ndinamusiya ku Chilomoni, sanandionepo ndikuyankhula pa kanema. Amangondiona apolisi akundithamangitsa, apo ayi nditafa kale. Musaseke, nanunso mumaombera m'manja ndikamagwa.

Ndiye kumalotoko anandipatsa gawo la dokotala. Ndinamuimbira foni mwanayo: "Itana anzako onse, lero adadi ako ayankhula!" Ndiye ndikuti ndivale jasi loyera, jasilo linadzikoka n'kunena kuti, "Pepani achimwene, ine amandivala ndi azungu. Zanu zili m'thumba umo." M'thumbamo munali kabudula wong'ambika ndi mfuti yapulasitiki, ndipo mfutiyo inandilonjera ngati mnzanga wakalekale: "Mwaswera bwanji a Chimbalanga? Takumananso."

Mwadzidzidzi mkulu wojambulitsa filimuyo, mzungu waulemu wake amene amandipatsa tiyi masiku onse, anamera nthenga n'kusanduka muimba. Anandizungulira katatu akundinunkhiza.

"Wanenepa kwambiri," anatero. "Anthu akwanu sakhuta. Chingerezi chakonso chikumveka bwino, tachiphwanya pang'ono."

Ndiye poyesa kuchiphwanya, lilime langa linathothoka n'kugwa pansi, kamera n'kulitola. "Limeneli mulibe nalo ntchito," inatero kamerayo. "Inu mumafa pa mphindi yachitatu."

Ndiye kunafika basi yodzaza ntchentche, zonse zitamanga mataye. Yaikulu inati, "Ife tizikhala pankhope panupo. Musatiingitse, tili ndi mawu ambiri kuposa inu." Zinanditera m'maso, ndiye mwadzidzidzi ndinapezeka ndili m'kati mwa wailesi yakanema ku Chilomoni, ndikuona pabalaza kudzera pagalasi. Ana anali atadzaza pamkeka, Ndaziona ali patsogolo atavala diresi lake lakutchalitchi.

Mnzake wina anandiloza: "Adadi ako ndi awo a ntchentchewo?"

Ndinamenya galasi, ndinakuwa kuti ndine dokotala, koma m'kamwa munkangotuluka fumbi. Mwana wanga anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ayi, amenewo sindikuwadziwa." Anadzuka n'kuzimitsa, ine mdima bii. M'mafilimu ndafamo kambirimbiri, koma imfa imeneyi ndiyo inandipweteka.

Chinandidzutsa ndi kulira kwa foni, kunja kutayera kale. Anali mayi amene amandipezera ntchito.

"Mawa kuli gawo la munthu wothawa nkhondo, mawu palibe. Usamete ndevu, tsitsinso usapese."

Ndinafuna kukana, anzanga, ndithu ndinafuna. Ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Ndifike nthawi yanji?"