A wopanda lamba

Iyi sindinauzeko ngakhale amayi anzanga a kumvano, koma lero ndiulule, museke zithe.

Ndimagwira ntchito ya m'nyumba kwa a Nyirenda, Amalawi anzathu, ku Kasarani kuno kudziko la eni, ndipo Loweruka lililonse ndimathamangira sukulu ya kwacha kutchalitchi. Aphunzitsi athu ali ndi lamulo limodzi: "A wopanda lamba ali maliseche!" Lambayo ndi kamzere kapakati pa chilembo cha A kaja.

Bwana amaphunzitsa history ku yunivesite. Tsiku lina ndikupukuta mu ofesi mwawo, ndinapeza kandalama kasiliva m'kabokosi, kakuda ngati kunsi kwa poto. Mbali ina kuli mutu wa munthu wovala chikopa cha mkango, mbali inayo zilembo. Ine litsiro sindicheza nalo. Sopo, kansalu, basi!

Kenako ndati ndiyeseko sukulu yanga pa zilembozo. A woyamba ali bwinobwino. Wotsatira, lamba palibe! Kutsogoloku E wina msana wachoka, kwangotsala timizere titatu. A winanso lamba watsetserekera kumapazi.

Mayo ine, ndafufuta ndalama ya bwana! Ndinadziona ndili m'basi ya ku Lilongwe, chikwama pamiyendo, ntchito yatha.

Kudikira si khalidwe langa. Ndinatola msomali kuti ndibwezere malambawo msangamsanga, haraka haraka monga amanenera kuno. Nsonga ili pafupi kukhudza, bwana tulukiru!

"Mai Phiri! Stop! Mukutani?"

"Pepani bwana, ndachotsa lamba wa A."

Anandilanda kandalamako n'kukakayang'ana pawindo. "Palibe chachoka apa. Uyu ndi lambda."

"Eya, lambayo! Ndi amene ndikubwezera!"

"Lam-bda, mayi! L wa Agiriki! Analengedwa choncho!"

Anakhala pansi thukuta lili kamukamu, kenako anaseka mpaka misozi. Akuti zilembozo ndi dzina la Alekizanda, mfumu ya Agiriki. Atamwalira, akazembe ake anagawana maiko n'kudzitcha mafumu, koma ankasulabe ndalama m'dzina lake. Kandalamako kadutsa zaka zoposa zikwi ziwiri, nkhondo ndi nkhondo, osakumanapo ndi mdani woopsa ngati ine ndi msomali wanga. Za sopo anandikhululukira, bola ndisadzayambirenso.

"Ndiye ntchito ilipobe, bwana?"

"Ilipo. Koma msomaliwo bweretsani kuno."

Mtima unangoti myaa. Pakamwa pokha ndi pamene sipanamve.

"Komatu bwana, mafumu onsewo, panalibe ndi mmodzi yemwe wopita kusukulu ya kwacha?"

Ukaona mnzako alibe lamba, yamba wafunsa kuti kwawo amavala bwanji.