Mchere Umene Unandiitanira Ankhoswe

Amayi ena amaitaniridwa ankhoswe chifukwa cha mwano, ena chifukwa cha ulesi. Ine anandiitanira chifukwa cha kamchere kosadzaza n'supuni komwe. Nkhaniyi ndimaibisa kutchalitchi, koma poti inu simukundiona nkhope, imvani.

Zonse zinayamba ndi ana anga awiri. Wamkulu ndi Delfina, amene anali atangoyamba kumene sukulu, ndipo wamng'ono ndi Zuze, kamnyamata kokana chakudya ngati kali ndi kwina kodyera. Madzulo aliwonse pakhomo panali nkhondo. Nyemba, ayi. Chigwada, ayi. Usipa, akuti ukumuyang'ana. Zuze anaonda mpaka kabudula ankavuka yekha, ndipo kusikelo anamwino anandiyang'ana ngati mayi amene amadyera kuseri kwa chitseko. Zinandiwawa kwambiri.

Nthawi imeneyo bambo a Delfina anali ku Mocuba, kumene anapeza ganyu ya zomangamanga ya miyezi ingapo. Pakhomo ndinali ndi apongozi anga, amene anachokera ku Majaua kudzaonetsa mwendo kuchipatala cha kuno ku Milange. (Mwendowo unali utapola kale, koma eni ake ankati akuwudikira kuti upoletsetse.)

Tsiku lina ndikuchokera kumsika, Zuze ali kumsana, tinadutsa pa baraka ina yophikira zakudya. Fungo litatipeza, mwana uja anandikoka khutu n'kunena kuti, "Ndifuna." Mawu amenewo ndinali ndisanawamvepo pa nkhani ya chakudya. Ndinakhota pomwepo n'kulowa, manyazi ndinawasiya panja.

Wophika wake anali a Kasamo, bambo wa ku Quelimane wolankhula Chinyanja chothyokathyoka. Nditawafotokozera vuto langa anaseka.

"Epa, mayi! Mwana sakana chakudya, amakana kubwereza. Sinthani mphika."

Anandiphunzitsa mpunga wa kokonati, sipageti wa mazira ndi tomato, ndi chakudya cha kwawo chotchedwa mukapata, chosakaniza mpunga, mphodza ndi kokonati. Kenako anatsitsa mawu ngati akundipatsa mankhwala.

"Chinsinsi chachikulu ndi ichi. Mwana azithandiza kuphika. Mpatseni mchere athire yekha. Chimene wathirapo dzanja lake sachikana."

Ndinayamba ndi mukapata. Sindikudziwa pamene ndinaphonya, koma chimene chinatuluka mumphika akanatha kumangira nacho nyumba ku Mocuba. Apongozi anachiyang'ana, anachibaya ndi chala, n'kufunsa:

"Iyi ndi nsima kapena phala?"

"Ndi mukapata, amayi."

"Wadwala ndani?"

Tsiku lotsatira ndinabwerera kwa a Kasamo kukafunsa za madzi. Linzake ndinapita kukafunsa za moto. Kenako za adyo. (Ndivomere kuti popita ndinkavala chitenje, kapulana yanga yabwino, chifukwa kumsika sikopita ndi nsanza.) Ndinkabwerako ndikumwetulira, ndikuimba, mtima uli mbee poganizira zimene ndikaphike.

Sipageti ndiye anatheka. Apongozi anati iwo nyongolotsi sadya, koma Delfina, amene anathira mchere ndi dzanja lake, analengeza kuti waphika ndi iye. Zuze ataona mlongo wake akuyamwa zingwe zija anayamba kulimbirana naye mbale. Kuyambira pamenepo mchere unakhala udindo wa Delfina. Ine ndikapima pachikhatho, ndinkaitana, "Delfina, bwera udzathire!" Ndinkaitana mokweza ndithu, monyadira, mpaka a nyumba yoyandikana ankamva.

Tsono inu amene mukudziwa mwambo mwagwira kale pakamwa. Kwa amene simukuudziwa, nkhani yake ndi iyi. Mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amatuma mwana. Zimenezo ndi za masiku ochepa. Koma mkazi amene wayenda ndi mwamuna wina, wake kulibe, nayenso sathira, kuopa kudwalitsa a m'nyumba mwake matenda a tsempho, aja otupitsa masaya ndi mapazi. Mwambowu ndimaudziwa bwino, anandilangiza ine. Kungoti mutu wanga wonse unali pa nthiti za Zuze. Sabata inatha, ina inatha, inanso, ine ndikutuma mwana mchere, mwamuna wanga ali ku Mocuba.

Apongozi anasintha. Anasiya kudya ndiwo zanga n'kumadziwotchera chinangwa. Ndikamaphika ankabwera ndi mpando wawo n'kukhala pakhomo pa khitchini, maso ali padzanja langa. Ine ndinkaganiza kuti akufuna kuba luso. Nanenso ndinayamba kuwakayikira, n'kumaphika nditawafulatira. Tizidutswa tokometsera ndiwo tija ta m'mapepala, timene kuno timati kaldo, ndinkatimanga pakona ya kapulana n'kumaponya mumphika mwachinsinsi, poti anali atanenapo kuti zinthu za m'sitolo zimafoola amuna.

Tsiku lina anafunsa.

"Mayi a Delfina, dzanja lanu lavulala?"

"Ayi, amayi, lili bwinobwino."

"Nanga mchere bwanji akuthira mwana?"

"Ndi nzeru za a Kasamo zimenezo."

"A Kasamo ndani?"

"Bambo wina wa kumsika. Amadziwa zinthu amene uja, amayi! Zimene wandiphunzitsa mwezi uno sindinaziphunzirepo chikwatiwire."

Ndinanena zimenezo ndi pakamwa panga pomwe pano, ndikumwetulira. Apongozi anangoti "Ehe," n'kunyamula mpando wawo.

Chinanditsiriza ndi kuchita bwino kwanga komwe. Zuze ananenepa. Timasaya tinatuluka, timiyendo tinadzaza, kabudula anayamba kuthina. Ine ndinkayenda naye monyang'wa. M'mawa wina ndinapeza apongozi atamukhazika pamiyendo, akumudina phazi ndi chala n'kumayang'anitsitsa ngati pakutsala dzenje.

"Mwanayu watupa," anatero.

"Wanenepa, amayi."

"Ine ndabereka asanu ndi awiri. Kutupa ndimakudziwa."

Madzulo ake ndinawaona kuseri kwa nyumba yoyandikana, atabwereka foni, akunong'ona dzanja lili pakamwa.

Loweruka ndinaganiza zoyesa chatsopano, nyemba zophikira limodzi ndi nyama ya nkhumba ndi kabichi. Kaldo ndinali nditaponyamo, Delfina naye atathira kale mchere wake. Ndikutuluka kuti nditaye madzi, ndinaona anthu atatu akulowa pabwalo atandondozana ngati akupita kumaliro. Patsogolo nkhoswe ya kuchimuna, pakati amalume anga amene ndi nkhoswe yanga, pambuyo bambo a Delfina, chikwama chili paphewa, maso ali pansi.

Tinakhala pamphasa. Amalume anazungulira nkhani, kuyambira pa mvula mpaka mtengo wa nandolo kumalire, kenako anatsokomola.

"Mwana wanga, tamva kuti pakhomo pano mchere wasowa mwini."

Pamenepo ndi pamene mutu unatseguka. Ndinaona zonse nthawi imodzi: kapulana yabwino ija, kuimba kuja, kanthu komanga pakona kaja, ndi a Kasamo odziwa zinthu. Ukwati wanga unali pamphasa pamenepo, ndipo mboni yondineneza kwambiri ndinali ine ndemwe.

Ndinafotokoza zonse, mawu akuphonyana. Ndinamasula pakona ya kapulana n'kuonetsa kaldo. Nkhoswe ya kuchimuna inamununkhiza, n'kumupereka kwa amalume, nawonso anamununkhiza n'kumuika patali.

"Ine sindinanene kanthu," anatero apongozi. "Ndangoti athire mchere ndi dzanja lake, tonse tikuona, mwamuna wake adye. Ngati palibe kanthu, palibe kanthu."

Apa ndiye manyazi anasanduka mkwiyo. Ndinakatenga mphika n'kuuika pakati pawo. Ndinapisa dzanja m'chitini cha mchere, kutapa lodzaza, wa! Ndinatapanso lina, wa!

"Amama, ndathira kale!" anakuwa Delfina.

"Khala chete iwe, akulu akuweruza mlandu."

Ndinatakasa n'kugawa. Ankhoswe aja analawa kamodzi, n'kukumbukira onse awiri kuti anadya kale panjira. Ana ndinawapatsa mpunga wotsala. Bambo a Delfina anakoka mbale yawo n'kuyamba kudya. Misozi inalengeza, mitsempha ya pakhosi inaima, koma sanasiye. Atamaliza anayang'ana mayi awo m'maso, n'kundipatsira mbale.

"Onjezerani, mayi a Delfina."

Ndinawakonda bambo amenewa tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wathu. Ndinawonjezera pang'ono pokha, ndipo anamaliza zonse.

Ankhoswe anati mlandu watha, n'kutsanzika mofulumira kukafuna madzi akumwa. Apongozi anangoti, "Chabwino. Tiona mmene adzukire."

Bambo a Delfina anamwa madzi pafupifupi ndowa yonse. Kutacha ndinawayang'ana n'kugwira pamtima. Zikope zinali zitatupa, maso atatsala timing'alu, masaya ali ngati zitumbuwa. Anadziyang'ana pagalasi nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa ine, n'kundiyang'ananso nthawi yaitali.

"Mayi a Delfina, a Kasamowa ndi a msinkhu wanji?"

"Ali ndi zidzukulu, bambo. Mano awo ndi owerengeka."

"Ehe."

"Ndi mchere umenewo! Munthu aliyense angatupe!"

"Ndikudziwa," anatero, koma anapitiriza kudzisisita tsaya.

Anavala chipewa n'kuchitsitsira kumaso, anatenga chikwama, n'kutulukira khomo la kuseri, kudzera m'munda wa chimanga wa eni ake. Anangondisiyira mawu akuti, "Muwauze amayi kuti abwana andiimbira." Mpaka lero sindidziwa ngati ankanditeteza ine kapena ankathamangira kwa sing'anga, ndipo sindinafunse.

Apongozi anatuluka dzuwa litakwera, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Alawirira ku Mocuba, amayi. Abwana awaitana."

"Anadzuka bwanji?"

"Bwinobwino, amayi. Nkhope ili see, amphamvu ngati ng'ombe."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kupumira m'mwamba. "Basi, mwananga, undikhululukire. Wandiuza zoona."

Ngati mukufuna phunziro, mulifune nokha, ine landisokoneza. Pa nkhani yonseyi la nkhope ya see lija ndilo bodza lokhalo limene ndinanena, ndipo ndi mawu anga okhawo amene apongozi anakhulupirira.