Mlendo Waulemu mu Laputopu Yanga

Lolemba

Kwazizira koopsa. Nkhungu yaphimba phiri lonse, ngakhale khola la mbuzi silikuoneka. Makapu awiri a tiyi, kachewere wowiritsa, mtima uli m'malo.

Ntchito ya sabata ino: kabuku ka nyimbo. Lamulungu ndi chikondwerero cha tchalitchi chathu chaching'ono kuno ku Lobi, ndipo ndinalonjeza pamaso pa komiti kuti aliyense adzaimba atagwira kabuku m'manja. Zong'ung'udza vesi lachiwiri zithe. Ndinalonjeza ndekha, palibe anandikakamiza. Ndilembe zimenezi kuti ndisadzanamizire munthu.

Zomwe ndili nazo:
- laputopu imene mwana wanga anandisiyira atagula yatsopano
- sola ya padenga
- bandulo ya sabata yonse
- chulu cha kuseri kwa khola, pamene netiweki imagwira
- kope la a kwaya, nyimbo makumi atatu zolemba pamanja

Ine ndine munthu wosunga zinthu. Makiyi a tchalitchi ndawasunga zaka makumi awiri ndi ziwiri, sanasowepo ngakhale tsiku limodzi. N'chifukwa chake anthu a mumpingo akafuna imelo kapena tsamba lawo la pa intaneti amabwera kuno. Mafoni awo ndi a mabatani, ndipo mapasiwedi amaiwala. Laputopu ikafunsa ngati isunge pasiwedi, ine ndimadina kuti inde, sunga. Pano ikusunga a anthu khumi ndi mmodzi. A katekisiti alimo. A Nangozo alimo, aja amabwera Lachisanu lililonse kudzaona zithunzi za mdzukulu wawo wobadwira ku Joni, amene sanamunyamulepo.

Akunyumba akuti: "Inu mukanangobadwa kabati." Ine ndikuti kumeneko ndi kundiyamikira.

Lachiwiri

Pulogalamu yokonzera masamba a kabuku ndi yogula. Mtengo wake, ha! Ndatseka msanga. Koma ndili pa chulu pomwepo ndapeza tsamba lina likupereka pulogalamu yomweyo ulere. Ulere weniweni! Anthu abwino akadalipo padziko.

Ndipo ndi aulemu. Alemba m'Chingerezi chofewa kuti bwenzi lokondedwa, chonde, musanayambe zimitsani kaye antivayirasi yanu kwa mphindi zochepa, zikomo kwambiri. Chonde kawiri, zikomo katatu. Ndachita kuwerenga.

Antivayirasiyo, mlonda wa mu laputopu, ndiye wamwano. Zilembo zofiira, kabelu kulira, choopsa, choopsa! Moni osapereka n'komwe. Kwathu kuno pakakhala munthu wokuwa ndi munthu wonena chonde, timamvera wa chonde. Mlonda ndamuzimitsa.

Ndadina. Kabokosi kakuda kaphethira kamodzi n'kuzimiririka. Basi. Pulogalamu osatseguka. Ndadinanso, zii. Mwina ndi kuziziraku. Ndaifunditsa laputopu juzi yakale, ine uyo kudimba kukathirira kabichi. Kabichi wachita bwino zedi chaka chino.

Lachitatu

Pulogalamu sikutsegukabe, koma laputopu ikuyenda bwinobwino. Palibe chasowa. Ndayamba kutaipa nyimbo m'pulogalamu wamba, ndi zala ziwiri, kuyambira tsamba loyamba la kope.

Masana a katekisiti atulukira pa njinga ali wefuwefu. Akuti mphwawo wa ku Lilongwe waimba foni kufunsa kuti ayamba liti kugulitsa mankhwala ochepetsa mimba. Tsamba lawo la pa intaneti likutsatsa mabotolo, ndi zithunzi za azungu ovula malaya. A katekisiti! Munthu woonda moti lamba anachita kuboola mabowo ena awiri! Ndaseka mpaka misozi, Mulungu andikhululukire.

Iwo sakuseka. Akuti: "Pasiwedi yanga amaidziwa ndi anthu awiri, ine ndi inu. Ndipo ine ndinaiwala."

Kuseka kwathera pomwepo. Ndawauza kuti mwina ndi netiweki. Sindikudziwa kuti ndimatanthauza chiyani.

Nyimbo zotaipa: zisanu ndi zinayi.

Lachinayi

Ndadzuka ndi nzeru. Ngati pasiwedi yabedwa, tisinthe! Kuyambira m'mawa ndili pa chulu, chipewa m'mutu, zala zili gwa, kusintha mapasiwedi amene ndingathe. Ya a katekisiti ndaikamo dzina la ng'ombe yawo ndi manambala atatu. Laputopu yafunsa ngati isunge, ndadina inde. Ndatsika pa chulu ndikudzimva kuti ndine dolo.

Dzuwa lisanalowe mabotolo abwereranso pa tsamba. Tsopano awonjezera mafuta omeretsa tsitsi. Amenewo okha mwina a katekisiti n'kuwafuna.

Ndagonja. Ndaimbira alamu anga a Esinati, mng'ono wa akunyumba, amene amakonza makompyuta ku Dedza boma. Ndimawapewa dala chifukwa pakamwa pawo ndimapadziwa. Ndafotokoza zonse mwatsatanetsatane. Kenako: "Alamu, mwathamangitsa mlonda chifukwa wakuba wanena chonde?" Aseka mpaka foni yaduka. Aimbanso kuti amalize kuseka.

Malamulo awo:
- chotsani intaneti
- musaikhudzenso
- mawa mubwere nayo
- juzi muisiye kunyumba

Nyimbo zotaipa: zomwe zija.

Lachisanu

Ndikumanga nsapato kuti ndinyamuke, a Nangozo awo pakhomo, mpango wawo wa Lachisanu uli kumutu. Ndawauza kuti laputopu sikupeza bwino. Akuti pepani, ngati akupepesa odwala enieni, n'kubwerera pang'onopang'ono. Zandipweteka mumtima.

Njinga yamoto mpaka pa tala, minibasi mpaka ku boma. Zimene ndaphunzira kwa a Esinati, ndilembe ndisanaiwale:

1. Dzina lake ndi torojani. Si matenda ongokugwera ayi. Imabwera itavala ngati chinthu chimene ukuchifuna, ndipo chitseko umatsegula wekha.
2. Yangayi ndi ya mtundu wakuba zinsinsi. Siphwanya kanthu, sichedwetsa makina. Kabokosi kakuda kaja ndiye inali ntchito yonse: yakopera mapasiwedi onse osungidwa, mayina, manambala a foni, n'kutumiza kwa eni ake.
3. Imatenganso tizizindikiro timene masamba amasiya mu kompyuta kuti azikuzindikira ukabweranso. Ndiye wakuba amatha kulowa osafunsidwa pasiwedi n'komwe.
4. Wakubayo satidziwa. Za Lobi sanamvepo. Amangogulitsa mtolo wonse kwa akuba anzake, aliyense n'kusankhamo chake. Wina wasankha a katekisiti.
5. Kusintha pasiwedi pa kompyuta yomweyo, ngati mmene ndinachitira dzulo, ndi kumupatsira wakuba yatsopano m'manja.

Ndafunsa kuti nanga bwanji palibe chasowa. A Esinati apempha makiyi a tchalitchi amene ndimayenda nawo m'thumba. Awadinda pa sopo wa pa sinki, n'kundibwezera. "Asowa?" Ayi. "Nanga pa sopopa pali chiyani?"

Apo ndamva.

Afufuta laputopu yonse n'kuikamo zinthu mwatsopano, mlonda wamwano uja amubwezera pa ntchito. Nyimbo zanga zisanu ndi zinayi azipulumutsa, achita kundisindikizira pa pepala. Ndaziwerenga mu minibasi pobwerera. Kope la a kwaya limayamba ndi nyimbo za Lenti ndi za maliro. Lachitatu lonse ndinakhala ndikutaipa maliro a chikondwerero.

Nkhani yoipa kwenikweni ndi iyi: imelo ya a Nangozo yapita. Wakuba wasintha pasiwedi, wasinthanso nambala ya foni yobwezeretsera. A Esinati ayesa njira zonse, zakanika.

Loweruka

Lero kulibe kutaipa. Makomo khumi ndi limodzi, wapansi, mapiri awiri ndi dambo. A Esinati abwera, akuti kudzaona achemwali awo. Ine ndikudziwa kuti abwera kudzaonerera. Koma atenga foni yawo yaikulu, yopanda matenda, yosinthirapo mapasiwedi.

Nkhani ngati imeneyi sunganene uli chiimire. Khomo lililonse: odi, mpando, moni wa akulu, moni wa ana, za kuzizira, za nyemba, kenako ine n'kuvula chipewa n'kuulula kuti makiyi anu ndinawapereka kwa mlendo. Ndaulula kakhumi ndi kamodzi. Kwa ansembe sindinaululepo chotere.

Aliyense akusankha pasiwedi yatsopano, ndipo a Esinati akukonza kuti munthu akafuna kulowa, kanambala kazibwera kaye pa foni ya mabatani ya mwini wake. Pamene akulemba, ine ndizitembenuka kuyang'ana kumunda. Lamulo la alamu. Minda ya anthu ndaiona bwino lero.

Ndinayembekeza kutukwanidwa. Zimene ndapatsidwa:
- nyemba mbale ziwiri
- nzimbe zitatu
- dzungu limodzi lalikulu, lolemera, ndipo anandipatsa pa khomo lachiwiri
- mtedza
- botolo lopanda kanthu, kuchokera kwa a katekisiti, akuti ndiyambire bizinesi

A Nangozo ndawasiya komaliza chifukwa cha mantha. Ndanena mosazungulira: imelo yapita, ndi zithunzi zonse za zaka ziwiri. Ayang'ana manja awo. Kenako: "Mwanayo ali bwino?" Ali bwino. "Amayi ake foni ali nayo?" Ali nayo. "Ndiye bambo akuluakulu inu mukugwetseranji misozi pa mkeka wanga?"

A Esinati atsegula imelo ina, aimbira amayi a mwanayo ku Joni. Tisanamalize tiyi zithunzi zisanu zafika. Kamwanako kakula ndithu. Koma zithunzi za tsiku lobadwa zinapita ndi foni yakale ya amayi ake, zinatsala mu imelo ija mokha. Zimenezo sizidzabweranso, ndipo ndachititsa ndine. A Nangozo sananene zimenezo. Ndikunena ndekha muno.

Miyendo ikuwawa. Dzungu lafika bwino.

Lamulungu

Kwacha bwino, dzuwa lili ngwee. Tchalitchi chadzaza mpaka panja. Kabuku kulibe. Vesi loyamba taimba mwamphamvu, lachiwiri tang'ung'udza monga mwa masiku onse, ndipo kunena zoona zimakoma ndithu.

Nthawi ya zolengeza ndaimirira. Ndafotokoza mwachidule: pulogalamu yaulere, mlonda, sopo. Ndachenjeza kuti chinthu chikakupemphani kuzimitsa mlonda, ngakhale chinene chonde kakhumi, chikaneni. Kenako ndatulutsa makiyi a tchalitchi n'kuwaika pa tebulo pamaso pa a tcheyamani. Ndinaganiza zimenezi dzulo m'njira. Munthu amene wapereka makiyi a anthu khumi ndi mmodzi kwa mlendo sayenera kusunga a nyumba ya Mulungu. Zaka makumi awiri ndi ziwiri.

A tcheyamani ayang'ana makiyi, ayang'ana ine. Akuti: "Nanga mawa m'mawa atsegule ndani? Ine ndimakhala kutsidya." Andikankhira makiyi n'kupitiriza kulengeza za mpunga wa chikondwerero.

Panja, ndisanalandire ndi mbale yomwe, a Nangozo andikodola. Amasula mfundo ya chitenje, atulutsa kapepala kopinda kanayi. Pasiwedi yatsopano. "Ine ndiiwala. Sungani."

Ndati mayi, simunamve zimene ndanena m'katimu? Akuti amva, n'chifukwa chake alemba pa pepala.

Kumbuyo kwawo a katekisiti, kapepala m'manja. Kumbuyo kwa a katekisiti, mzere. Ndayang'ana a Esinati kuti andipulumutse. Akuti, akutafuna nyama: "Landirani, alamu. Torojani sitsegula kabati. Koma musawerenge, ndipo wina akanena chonde mundiimbire kaye."

Timapepala khumi ndi kamodzi. Aliyense envelopu yake, yomata, dzina pamwamba. Ndaziika m'kabati ya ku sakristiya, pakati pa makandulo ndi nyimbo zanga za maliro. Ndakhoma. Kiyi ili m'thumba, pamodzi ndi anzake.

Akunyumba andiona ndikutuluka, ndikugwiragwira thumba kuti ndimve kulira kwa makiyi. Angomwetulira. Zobadwa kabati zija ananena kale Lolemba.