Muli Moyo Uko?

Lolemba

Minibasi yadzaza! Dzulo kutchalitchi ndinangoimirira nthawi ya zolengeza n'kunena kuti Loweruka pali ulendo wokaona malire, woperekeza alendo ndine ndemwe. Manja m'mwamba ngati ndikugawa mabulangete.

Nzeruyi ndinaitola pa TV. Anaonetsa malire a ku Korea: mtundu umodzi, chilankhulo chimodzi, pakati waya waminga ndi asilikali, alendo akubwera m'mabasi kudzasuzumira tsidya linalo. Kutsogolo kwawo munthu wanyamula kambendera, akufotokoza. Ndinadumpha pampando. Imeneyo ndi ntchito yanga! Ndinaiyamba ndisanamere ndevu.

Kwathu ku Ntcheu, kufupi ndi Lizulu, malire ndi msewu wa tala womwewo. Mbali ino Malawi, mbali iyo Mozambique, koma anthu ake Angoni okhaokha, maliro timalira limodzi. Nthawi ya nkhondo ya kumeneko, basi ikaima anthu a m'tauni ankatsika kugula kachewere, maso akuba tsidya. Ine n'kumawayendetsa m'mphepete mwa msewu: iyo sitolo ya Mpwitikizi yobooka ndi zipolopolo, uyo pansi pa mtengo ndi msilikali. Ena ankandipatsa nzimbe, ena zikomo wouma.

Kuno ku Mangalande waya waminga kulibe, koma mnzanga wa kulabotale ya chipatala wandiuza za khoma la Aroma, kumpoto uku. Analimanga asilikali kuti lidule chilumba chino pakati. Kwa ine amenewo ndi malire okwanira.

Zofunika:
minibasi, ayendetsa a Tembo, m'bale wathu wa ku Zambia
kambendera
chipewa chaulemu
mandasi
Tadala

Chomalizacho ndiye chenicheni, ngakhale sindinauze munthu. Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, akunyamuka Lamulungu kupita ku yunivesite ku Edinburgh. Anabadwira konkuno ku Wakefield. Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi, ndipo ndikangoti "kwathu ku Ntcheu" amakumbukira kuti ali ndi zowerenga. Pali nkhani imodzi yomwe sindinamuuzepo, ya Zuze. Patebulo imandikanika. Mwina nditaima pamalire, kambendera m'manja, ingatuluke.

Lachiwiri

Mayi Nachisale, mtsogoleri wa amayi a mpingo, andiimbira ndili kuntchito. "Bambo a Tadala, mafuta ophikira kumeneko akuchita bwanji? Nanga zitenje?"

Ndafotokoza kuti tikukaona mbiri yakale. Ati eya, mbiri tikaona, koma msika uli mbali iti?

Sindingawadzudzule. Kwathu munthu sachokera kumalire chimanjamanja. Amayi atumana kale: wina matemba, wina sopo wochapira, wina nyemba zenizeni osati zam'chitini. Matumba aakulu amizeremizere aja atuluka pansi pa mabedi.

Madzulo ndikuyeseza mawu pagalasi la kubafa. Mayi a Tadala agogoda, ati m'nyumba muno muli enanso ofuna kusamba. Iwo Loweruka ali pa shifiti, ndipo sakudandaula ngakhale pang'ono. Ati malire anawaona mokwanira tsiku lomwe ndinapita nawo kwathu kukawaonetsa kwa makolo, pamene ndinawayendetsa msewu wonse chikwama chikadali pamutu.

Ndikuyeseza za Aroma, koma m'mutu mukubwera Zuze. Msuweni wanga, mwana wa azakhali. Nyumba yawo inali tsidya la msewu, yoonekera pakhonde pathu. Kale tinkawoloka ngati nkhuku, kudya uku, kukagona uko. Nkhondo itafika pafupi, kuwoloka kunatha. Ndiye m'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu amayi ankandituma kumsewu. Ndiima m'mphepete mwa tala, manja kukamwa:

"Muli moyo uko?"

Ndiyeno mawu a Zuze, osasa ngati a tambala wachimfine: "Tilipooo!"

Ndikatero liwiro kukauza amayi, ndipo tsiku linkayamba pamenepo. Kukakhala bata ndinkamuponyera mchere womanga pakansanza, iye n'kubweza mapichesi. Dzanja lake linali lokhota, theka la mapichesi ankaphwanyikira patala. Ndimawasowa mapichesi amenewo.

Lachitatu

Zandivuta!

M'mawa ndatumiza malamulo a ulendo pagulu la pafoni la mpingo. Woperekeza alendo wodziwa ntchito amayamba ndi malamulo. Ndalemba omwe aja ndinkauza alendo anga kwathu, sindinaiwale ngakhale limodzi:

Musaloze msilikali ndi chala.
Musajambule tsidya linalo.
Musavale zobiriwira kapena zamawangamawanga.
Mukamva kuphulika gonani pansi, mafunso pambuyo.
Wofuna kutaya madzi atayire mbali yathu.

Ine ndimati aseka. Nditi ndione foni nthawi ya nkhomaliro, mauthenga mbwee!

Oyamba a Tembo: "Ba mudala, manje ngati ba soja banifunsa mapepala? Visa yanga ili pa company, ine sinifuna ma problem."

Ndinaiwala. Ine ndakhala kuno mpaka imvi, mapepala sindiwaganiziranso. Koma theka la mpingo wathu ndi ongofika kumene, osamalira okalamba, ndipo viza zawo zili m'manja mwa owalemba ntchito. Kuona "malire" ndi "msilikali" m'uthenga umodzi, njala yawathera. Mtsikana wina wafunsa ngati akawoloka adzaloledwa kubwerera. Mnyamata wina ati wamva kwa mnzake wa ku Hull, amene naye anamva kwa wina, kuti kumeneko amatsitsa anthu m'basi mmodzimmodzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Ndalemba kuti abale musaope, asilikaliwo anafa kalekale, ndi Aroma omwe aja a m'Baibulo.

A Tembo: "Baja bamene banapachika Ambuye? Iyayi, ba mudala. Muyende bwino."

A Tembo apita, minibasi yapita nawo.

Lachinayi

Otsala: mayi Nachisale, amayi awiri a matumba, Tadala, ine. Tikwana m'galimoto yanga ngati matumbawo apindidwa.

Pachakudya chamadzulo Tadala, maso pafoni: "Dad, you know it's not even the border? It's England on both sides."

Ndiye kuti mbali ino ya khoma ndi Mangalande, mbali iyo Mangalandenso, Scotland ali kutsogolo ndithu. Ine ndinalonjeza mpingo wonse kuti tikasuzumira dziko lina! Ndayankha kuti malire enieni ndi otero, anthu amodzi mbali zonse ziwiri. Wati "OK" n'kukwera m'mwamba kukalongedza.

Ndadutsa pakhomo pa chipinda chake. Makatoni, mapoto atsopano, zithunzi zachoka pakhoma. Akulongedza mosangalala, akuimba. Ine ndikuopa, ndilembe poyera pano poti palibe wowerenga. Edinburgh kulibe nkhondo, sitima zilipo, foni ilipo, zonsezi ndikuzidziwa. Koma ndikudziwanso momwe munthu amasowera tsidya lina.

Usiku wina mfuti zinalira mpaka kucha. M'mawa ndinaima pamalo anga a nthawi zonse n'kufunsa. Zii. Ndinafunsanso. Ndinafunsa mpaka mawu anatha, kusukulu osapita, mpaka amayi anabwera kudzandikoka pamkono. Patapita masabata azakhali anatulukira kwathu kudzera kutchire, ali ndi ana aang'ono okha. Zuze anamutenga anthu a mfuti kuti awanyamulire katundu. Sitinamuike m'manda, choncho kwathu sanena kuti anamwalira. Amangoti ali tsidya.

Lachisanu

Mayi Nachisale afufuza okha pafoni. "Bambo a Tadala, ndiye tikukaona miyala? Loweruka lathunthu, miyala yokhayokha, opanda ngakhale wogulitsa tomato?"

Ndati palinso mapiri okongola. Ati mapiri anawasiya ku Dedza ndipo sawasowa. Iwo apita kumsika ku Leeds, amayi awiri aja awatsatira, matumba nawonso.

Zomwe zatsala:
kambendera, kopangidwa ndi ndodo ya mopu ndi kachidutswa ka chitenje
chipewa
mandasi odzaza ndowa

Mandasiwo mayi a Tadala anakazinga a minibasi yonse, chifukwa sindinawauze msanga kuti anthu athawa. Andiyang'ana, ayang'ana ndowa, sananene kanthu. Kukanakhala bwino akanalankhula.

A zanyengo ati mawa mvula tsiku lonse. Ndinaufuna ndekha ulendowu, walira mvula walira matope.

Tadala wafunsa ngati tikupitabe awiriwiri. Ndati inde. Wayang'ana amayi ake kuti amupulumutse, amayi ake amubwezera diso lija sitilitsutsa m'nyumba muno. Wati "Fine."

Loweruka

Tapita. Tabwerako.

Khoma la Aroma likundilekeza m'chiuno! M'chiuno! Mbuzi ya kwathu ingalidumphe ili ndi bere.

Zomwe taona:
miyala
nkhosa mbali ino
nkhosa mbali iyo
azungu a nsapato zamatope akuyenda mwachangu ngati achedwa kumaliro
msilikali ngakhale mmodzi ayi

Ine ndavala nsapato za kutchalitchi, woperekeza alendo savala zachisawawa. Ndaterereka kawiri. Chipewa chauluka chawoloka malire popanda wochifunsa mapepala. Ndakweza kambendera, ndayamba mawu anga a pagalasi aja kwa mlendo wanga mmodzi, mphepo yawalanda. Zaka za Aroma zonse zasokonekera m'mutu. Woperekeza weniweni wadutsa ndi gulu lake, wayang'ana ndodo ya mopu, wandimwetulira mwachifundo.

Takhala pansi kuseri kwa khoma kubisala mphepo, ndowa ya mandasi pakati. Tadala wadzikuta m'jekete, kwangotsala mphuno, timahedifoni m'makutu. Ndaona kuti ndikapanda kunena pano sindidzanenanso. Kumuyang'ana kwandikanika, ndiye ndayang'ana nkhosa ina yomwe imatafuna pafupi, n'kuyamba. Msewu, mchere, mapichesi, funso la m'mawa uliwonse, yankho la Zuze, ndi m'mawa uja pamene yankholo silinabwere. Ndanena zonse, m'Chichewa, mvula ikundithandiza kubisa nkhope.

Nditi ndicheuke, timahedifoni tili m'makutu momwemo, maso pansi.

"Can we go? I'm freezing."

Wagona njira yonse yobwerera. Nkhani yomwe ndasunga chiyambire unyamata wanga ndafotokozera nkhosa ya ku Mangalande. Nayonso yachoka ndisanamalize bwino.

Lamulungu

Kutchalitchi a Tembo andikumbatira ngati ndachokera kunkhondo. Mayi Nachisale andionetsa chitenje cha ku Leeds, ati ndione zomwe anthu amabwera nazo akapita kumalo oyenera. Mandasi agawidwa pa tiyi, ndowa sinafike ngakhale pakati.

Masana kusiteshoni. Sitima ya Tadala imaima mbali inayo, wokwera amadutsa pamlatho wapamwamba. Watiuza kuti tisamuperekeze mpaka kumeneko, si mwana. Wakumbatira amayi ake, wandikumbatira ine mwachangu, wakoka masutikesi ake. Ife tatsala mbali ino.

Watulukira tsidya, waima moyang'anizana nafe, njanji pakati. Ndangomukwezera dzanja. Zonena ndinamaliza dzulo.

Kenako wachotsa timahedifoni, waika manja kukamwa.

"Dad! Funsani!"

Sindinamve. Ndayang'ana mayi a Tadala, nawo sakudziwa.

"Funsani, Dad! Sitima ikubwera!"

Chichewa chake chopindika ngati msomali wakale, koma Chichewa. Azungu ali mbwee mbali zonse ziwiri, anthu oti salankhula mokweza ngakhale nyumba ikupsa. Ndaika manja kukamwa.

"Muli moyo uko?"

"Tilipooo!"

Sitima yalowa pakati. Bambo wina wagwetsa nyuzipepala. Mayi a Tadala afunsa kuti zimenezi ndiye ziti, kenako angondipatsa kampango kawo n'kundigwira pamkono mpaka kugalimoto.

Ntchito yoperekeza alendo ndaisiya. Ndodo yabwerera ku mopu. Chipewa chili ndi nkhosa. Nsapato za kutchalitchi sizichira. Mandasi tidya mpaka Khirisimasi. Chipinda cha m'mwamba chili zii, ndadutsapo kawiri popanda chifukwa.

Watumiza uthenga kuti wafika. Ndamuuza kuti mawa m'mawa ndifunsanso, ndi mkuja, ndi masiku onse. Wayankha kuti chabwino, koma ndisaimbe mbandakucha ngati ndikupita kumunda, ndizidikira adzuke kaye.

Ndidikira. Ndinadikirapo kuposa pamenepo.