Misomali ya Nangondo

Mwambi uwu, ana inu, chiyambi chake n'chotere, ndipo unabadwira ku Luchenza, kaya aphunzitsi anu anena zotani.

Kunali bambo wina wakabaza, dzina lake Lunguzi. Ankachita lendi m'nyumba yakale ya kampani, imene mwiniwake anaidula pakati ndi mabolodi kuti azidyera kuwiri. Mabolodi ake ndi aja oyera ngati choko, oti ukagogoda amayankha ngati ng'oma poti m'kati mwake ndi mphako yokhayokha. Mbali inayo kunkakhala a Mposa ndi akazi awo. Lunguzi akatsokomola kuno, a Mposa uko ankafunsa ngati wamwa mankhwala.

Khoma lotere msomali wamba sugwira. Koma Nangondo, mkazi wa Lunguzi, anali ndi manja. Mlongo wake anamutumizira kuchokera ku Joni timisomali tachitsulo tamtundu wina. Kunja umangoona kamutu ngati batani, koma ukakalowetsa n'kukamanga, kuseri kamatambasula miyendo ngati ambulera n'kukakamira bolodi. Nangondo anakhoma yekha, Lunguzi atangomugwirira mpando. Apa galasi, apa neti ya udzudzu, apa kashelefu ka wayilesi, pamwambapo chithunzi cha ukwati.

Kenako Nangondo anatsatira mlongo wake ku Joni kukafuna ntchito. Anati adzabwera ndi mvula. Mvula inabwera yokha. Inabweranso, yokhabe. Foni inayamba kulira osayankhidwa, mpaka inasiya ndi kulira komwe. Achemwali a Nangondo anadzatenga galasi ndi wayilesi, chithunzi Lunguzi anachibisa kunsi kwa matiresi, pakhoma n'kungotsala timabatani. Basi ikaima pa siteji, anzake akabaza ankathamangira katundu, iye ankathamangira nkhope. Akawona kuti Nangondo palibe, ankati, "Lero kulibe makasitomala."

Pa siteji pomwepo panali Felesiya, wogulitsa nthochi. Anamumvera chisoni, chisonicho n'kukula mpaka kukhala chibwenzi. Tsiku lina Felesiya anapita kukawona chipinda.

"Timabatani iti n'tachiyani?"

"Panali galasi."

"La ndani?"

Lunguzi anayang'ana zala zake za kumapazi ngati akuziwona koyamba.

"Tamverani a Lunguzi, ine sindilowa m'nyumba ya mkazi mnzanga. Loweruka ndibwera ndi amalume kudzawona pokhala. Ndidzapeze penti watsopano, ndipo msomali wa mayi uja usatsalepo ngakhale umodzi."

Lunguzi anakagula penti wobiriwira. Atafika naye pakhomo m'pamene anakumbukira kuti wokonda zobiriwira anali Nangondo. Anati palibe kanthu, penti alibe mwini.

Anabwereka pulayala, n'kugwira kamutu koyamba, ka galasi. Anakoka. Kanakana. Anaponda khoma ndi phazi, n'kukokanso. Phwa! Msomali unatuluka, koma sunatuluke wokha, unatenga ndi chigamba cha khoma chonga chitumbuwa. Lunguzi anauyang'ana uli m'manja, miyendo ili tambasu. Apa m'pamene Nangondo ankaima akumanga duku, n'kumamuyang'ana kudzera pagalasi. "Mukundiyang'ana chiyani, simunawonepo munthu?" Lunguzi anakhala pabedi, ntchito n'kuima.

"Achimwene, mukupha khoswe?" anafunsa a Mposa kuseri kwa khoma. Posakhalitsa anatulukira pakhomo, nawona bowo, napukusa mutu. "Ameneyu sazula, achimwene. Mumenyeni pang'ono pamutu, alowe, agwere m'katimo. Pamwamba mumatepo, mupente. Adzadziwa ndani?"

"Ndidzadziwa ine."

"Ndiye?"

"Ndizigona pano, iye ali m'khomamu? Felesiya wati atuluke."

"Nanga ali m'menemo azikudyerani chiyani?"

"Tulo."

A Mposa anati zikomo, n'kubwerera kwawo.

M'mawa mwake Lunguzi anagwira wa neti. Bowo lake linali ngati mbale ya ndiwo. Anakumbukira mmene udzudzu unkalowera m'netimo, Nangondo n'kumauwomba, koma mbama zonse zikugwera pamsana pa iyeyo. Anadzipeza akusisita msanawo. Wa wayilesi unatenga chigamba chonga lichero. Pamenepo m'pamene ankavinira awiriwiri opanda nsapato, akazi a Mposa akugogoda khoma kuti, "Ena tili ndi mutu!" Tsiku limenelo Lunguzi sanadye. Anangoyatsa wayilesi ya m'mutu mwake n'kumagwedeza phazi.

Loweruka linafika penti asanatsekulidwe, utatsala msomali umodzi, wa chithunzi cha ukwati. Umenewu Nangondo anasankha waukulu, nati, "Uwu usadzagwe." Pulayala inaterereka. Hamala inangotupitsa chala. Lunguzi anaganiza, anaganiza, ndipo nzeru yake, monga mwa nthawi zonse, inachokera m'miyendo. Anakulunga waya pakamutu kaja, waya n'kumangirira chingwe, chingwe n'kumangirira kukaliyala ya njinga. Anatsekula chitseko, nakwera, napalasa ngati wanyamula wodwala.

Msomali sunagwe, monga ananenera Nangondo. Linagwa ndi khoma.

Ena amati fumbi lake linawoneka ku Thyolo. Ine sindinaliwone, koma amene anandiuza sanama kawirikawiri. Litatsika fumbilo, a Mposa anawonekera ali m'kabudula wam'kati, kapu ya tiyi ili m'manja, tiyi atayera ngati phala. Akazi awo anali chiimire ndi beseni, pakamwa pali yasa.

Nthawi yomweyo Felesiya analowa ndi amalume ake, atavala jekete. Amalume anayang'ana uku, nayang'ana uko.

"Chipinda n'chachikulu ndithu," anatero. "Awa ndi abale?"

Lunguzi anali atakhala pansi pakati pa zigamba, mbuu ngati wagwera m'chigayo, akufukula msomali womaliza.

"Mwazula yonse?" anafunsa Felesiya.

"Yonse. Tawonani." Anatambasula dzanja. "Uwu ndi wa galasi, mukuwona mwendo wake wopindikawu? Uwu wa neti. Uwu wa wayilesi, anaukhoma atadwala chimfine, koma sanalole kuti ndimuthandize. Uwu..." Uliwonse ankaupukuta ndi malaya, n'kuwuzira pang'ono.

"Chabwino. Katayeni."

Lunguzi anaimirira. Anayang'ana kudzala, nawona kuti kuli zinyalala. Anayang'ana kuchimbudzi, mtima unakana. Anayang'ana patchire, nakumbukira kuti ana amayenda opanda nsapato. Mapeto ake anaika yonse m'thumba la malaya, la pamtimali, n'kumanga batani.

"Nditaya mawa."

Felesiya sanakalipe. Anangokonza chitenje chake bwinobwino. "Amalume, tiyeni. Munthuyu ngwokwatira."

Atachoka, a Mposa anaika kapu pansi, poti panalibenso khoma loti alankhulire kuseri kwake.

"Achimwene, mukanakankhira m'kati, bwenzi pano muli ndi khoma, muli ndi mkazi, chisoni chanu chili phee pamalo pake, penti atachiphimba. Tsono mwachizula, ndipo tonse tikuchiwona. Ife tivalira kuti?"

Lunguzi anatsekula pakamwa kuti ayankhe, koma kumsewu kunalira hutala ya basi yochokera ku Limbe. Anadzikung'untha, namasula chingwe kunjinga, napalasa kulowera ku siteji, m'thumba mukulira ngwerengwere. Mwina lero.

Akazi a Mposa anamuyang'ana mpaka anakhota. Kenako anatula beseni, nayamba kusesa zipinda ziwiri zonse, poti tsopano chinali chimodzi. Ndi iwowo amene anayamba kunena mwambi uja, ndipo pofika madzulo unali utafika kale pamsika.

Ndiye mukadzawona munthu akulimbana ndi zakale mpaka kugwetsa ndi zalero zomwe, musadzataye malovu ambiri. Mudzangomuuza monga amanenera ku Luchenza: msomali wa mkazi woyamba sazula, amakankhira m'kati.