Makina Owazira Nkhuni a Bambo a Tadala

Lolemba

Ndikulemba kumapeto kwa kope la kwaya chifukwa ndilibe womuuza. Amayi ali ku Kasinje. Kuno ku Tsangano ndine mtengwa, ndikayankhula angoti mkazi wamantha.

Bambo a Tadala abwera ndi gudumu la ngolo, lachitsulo, akuchita kuligubuduza kuchokera kumsewu. Akuti akupanga makina owazira nkhuni. Awaona pa foni ya mnzawo ku Lizulu.

Zomwe zili kale kuseri kwa nyumba, mkati mwa mpanda:
- gudumu lija
- njinga yathu yakale yopanda tayala lakutsogolo
- mitengo inayi ya bulugama
- nkhwangwa yanga! Aizula pampini, akaibooletsa mabowo anayi!

Akuti nkhwangwa aimanga kugudumu. Wina azipalasa, gudumu lizizungulira, wina aziika chipika pansi pake. Ndi manja. Ndi manja, abale!

Amalume anga anasiya dzanja lamanja mu lamba wa chigayo. Mpaka lero mabatani a malaya amawamanga ndi akazi awo. Ndikayang'ana gudumu lija ndikuona amalume.

Chovuta n'chakuti akupangira ine. Tadala anabadwa pa opaleshoni miyezi isanu yapitayo, anesi anati nkhwangwa ndisaigwire. "Ndikapita kokagulitsa mbatatesi, inu muzingokhala pachishalo, amake Tadala." Akunena akumwetulira. Ndafunsa kuti woika chipika adzakhala ndani iwo kulibe. Akuti zimenezo tiona.

Munthu wokoma mtima chonchi umamuletsa bwanji?

Lachiwiri

Ndaba tcheni cha njinga. Ambuye mundikhululukire.

Chili m'beseni, pansi pa matewera osachapa. Mwamuna safikako kumeneko.

Asaka paliponse. M'nkhokwe, m'khola, padenga la khitchini. Akundifunsa, ine ndikungoyamwitsa, maso pamwana. Mtima ukugunda mpaka Tadala wasiya bere n'kundiyang'ana.

Masana. Atuluka osanena kopita. Ndikuti basi zatha, ndaimba nyimbo ziwiri.

Madzulo. Abwera ndi lamba wa chigayo paphewa! Wakale, awapatsa kuchigayo cha kumsika. Lamba weniweni, wakuda, ngati uja wa amalume. Akusema kagudumu ka mtengo koti lambayo azigwirapo, akuimba mluzu.

"Wakuba uja watithandiza. Lamba sadumpha ngati tcheni."

Mayo ine.

Lachitatu

Kukuzizira koopsa. Nkhuni zowaza zatha. Zipika zilipo mulu, chowazira ndiye chili pagudumu. Madzi osambitsa mwana ndatenthetsa ndi zitsononkho, utsi wake maso kuchita kufiira.

Lero ndatenga mabauti onse anayi omangira nkhwangwa. Popanda mabauti nkhwangwa ikhala bwanji pagudumu? Singakhale. Ndaganiza bwino ulendo uno.

Sindinaganize bwino.

Adula chubu chakale cha njinga, aimanga ndi mphira. Mphira! Akukoka, akuzengereza, akukokanso, lilime panja. Ndalimba mtima, ndati kodi siiduka? Akuti, "Mphira imeneyi imafikitsa matumba awiri a mbatatesi ku Lizulu, ilephere kankhwangwa?"

Apongozi aakazi asuzumira pampanda. "Mwana wangayu nzeru anayamba kale, ali wamng'ono anaphwasula wailesi ya bambo ake." Sananene ngati inayankhulanso.

Lachinayi

Mapedulo. Njinga yopanda mapedulo sipalasika, izi ngakhale mwana amadziwa.

Ndadikira apite kudimba. Mwana kumbuyo, sipanala m'manja. Yakumanja yatuluka bwinobwino. Yakumanzere ndalimbana nayo mpaka thukuta, kuzizira konseku, osadziwa kuti imamasukira kwina. Nthawi yonseyo ndimangoimangitsa! Beseni tsopano likulemera ngati muli miyala, ndipo matewera sindingachape poyera. Atsala awiri oyera.

Abwera. Aima. Ayang'ana njinga nthawi yaitali.

"Pamudzi pano pali mfiti ya zitsulo."

Akhala pansi, agwira mutu. Chisoni chandigwira, ndatsala pang'ono kuulula. Kenako adzuka, nkhope yawala, ndipo ndadziwa kuti kwaipa.

"Amake Tadala, ichi n'chizindikiro. Makina enieni sapalasidwa ndi munthu."

Apita kwa achimwene awo kukabwereka injini ya pampu yothirira mbatatesi.

Ntchito yanga sabata ino:
- ndachotsa tcheni, kwabwera lamba
- ndachotsa mabauti, kwabwera mphira
- ndachotsa mapedulo, kukubwera injini

Ndikachotsa gudumu abweretsa chiyani, ndege?

Lachisanu



Injini yabwera pawilibala, alamu akukankha. Aikoleka lamba. Ine ndathawira kuseri kwa nkhokwe, Tadala ndamufungatira pachifuwa, ndamuphimba ndi zitenje ziwiri ngati zitenje zingaletse chitsulo. Ndakuwa kuti ayambe ayesa popanda chipika, manja akhale kutali. Mwamwayi amva.

Alamu akoka chingwe. Kamodzi, kawiri. Yalira!

Gudumu kuzungulira, kuzungulira, mpaka osaoneka. Mitengo ya bulugama kuvina. Nkhuku zonse balala. Kenako phwa! Mphira yaduka.

Nkhwangwa ndaiona ndi maso angawa ikudutsa pamwamba pa mpanda, ikuwala padzuwa. Yakagwa m'bafa ya udzu ya apongozi.

Muli apongozi aamuna. Akusamba.

Ngakhale injini yazima yokha.

Atuluka, thovu kumutu, kathaulo m'chiuno, nkhwangwa m'manja. Ine apongozi aamuna sindinawayang'anepo kumaso chikwatiwireni, lero ndawaona mpaka mawondo. Ndagwada pomwepo, maso kunkhokwe. Sanavulale. Nkhwangwa yang'amba ndowa pakati, madzi onse pansi.

Angoti, "Ya ndani iyi?"

Alamu anyamula injini yawo osatsanzika.

Ndalephera kupirira. Anthu atabalalika ndatenga beseni, ndagwada, ndakhuthula pamaso pa bambo a Tadala. Tcheni, mabauti, mapedulo, matewera, zonse pamodzi ndi fungo lake. Ndalira. Ndawauza za amalume, kuti sindikufuna kudzawamanga mabatani ndili ndi mwana wakhanda, kuti manja awo ndiwo munda wathu.

"Bwanji osangonena?"

Ndati ndimaopa kuwakhumudwitsa.

"Ndiye munaona kuti bola afe abambo anga?"

Ayamba kuseka, mpaka kukhala pansi. Kenako asiya. Ayang'ana manja awo, kuwatembenuza uku ndi uku.

Loweruka

Tagwirizana. Injini ayi, lamba ayi, mphira ayi. Tibwerere ku tcheni ndi mapedulo. Mabauti ndamanga ndekha, sipanala ndaidziwa tsopano. Chipika azikankha ndi mtengo wamphanda wautali, dzanja lisayandikire. Alumbira.

Tadala wagona m'nyumba, chitseko chotseka. Ndakwera pachishalo. Ndikupalasa pang'onopang'ono kuopa bala. Gudumu lauyamba ulendo ngati ng'ombe yotopa. Nkhwangwa yakwera, yakwera, yatsika.

Gogodo.

Ngati mlendo waulemu pakhomo. Chipika osamva kanthu.

Tasinthana, apalasa iwo mwamphamvu. Nkhwangwa yalowa pang'ono n'kukanirira, gudumu laima, iwo atsala pang'ono kudumphira kutsogolo. Kuizula kokha, mpaka ndi mwala. Kanayi konse chimodzimodzi.

Mumtima ndikuvina. Makina olephera chipika sangadye munthu.

Koma iwo akhala pachipika chomwecho, mutu pansi. Anauza kale mudzi wonse kuti mawa potuluka kutchalitchi abwere adzaone. Za bafa zafika kale mpaka kumsika. "Adzandiseka mpaka Tadala adzakwatiwe."

Sindingathe kuwaona chonchi. Ndalowa m'nyumba, ndatenga mpini wakale. Tamasula mabauti, nkhwangwa yabwerera pampini. Iwo akuwaza ndi manja monga amawazira anthu onse, ine ndili pachishalo kupalasa gudumu lopanda kanthu kuti tcheni chizimveka kunja kwa mpanda. Tcherere, tcherere, kho! Tcherere, kho!

Dzuwa likulowa, mulu wafika m'chiuno. Tabwezera nkhwangwa pagudumu, nkhuni tazimwaza pansi pake mokongola.

Lamulungu

Ulaliki sindinaumve. Unali wonena za bodza kapena ndine ndimangomva choncho?

Abwera anthu ambiri kuposa pa chinkhoswe chathu. Aona mulu, agwira pakamwa. Amayi ena akuti anaimva dzulo ikulira mpaka madzulo. Wina wati tailizani tione. Bambo a Tadala, jekete lawo la kutchalitchi, manja kumbuyo kubisa matuza: "Lero n'Lamulungu, makina akupuma." Onse avomera kuti n'zoona. Apongozi aamuna aonerera ali patali, kuseri kwa mtengo wa pichesi.

Ndinati zathera pomwepo.

Chakumadzulo zayamba kufika, zoti tiwawazire mawa:
- zipika zisanu ndi chimodzi za apongozi aakazi
- zitatu za alamu, amene aja anathawa ndi injini
- za amayi abusa, pawilibala
- chitsa cha mango chathunthu, mwini wake sitikumudziwa, tangochipeza pakhomo

Kukana sitingathe. Tinene kuti chiyani?

Matuza ndawadzoza mafuta a Tadala. Alipo asanu, koma matuza amapola. Iwo akuyang'ana chitsa cha mango chija. Mwina akufuna kulira, mwina akuganiza makina ena, sindikufunsa.

Mawa ndiyambe ndachapa matewera, kenako pachishalo. Apongozi aakazi atumiza mawu kuti tisadandaule, zotsalazo abweretsa pangolo.